Funsani Tikuyankheni: Kodi tebulo lilipodi kapena ndi maatomu okhaokha?

Makalata ambiri amene afika ulendo uno akuzungulira pamalo amodzi, kuti kodi chimene chilipodi m'dzikoli ndi chani. Anthu a filosofi nkhaniyi amaitcha ontology ndipo akhala akukanganirana kwa zaka zoposa 2,500. Ndasankhapo angapo oti tikambirane.

FUNSO: Akonzi, ine ndi mtsikana wa kusekondale ndipo fizikisi ndimaikonda kwabasi. Aphunzitsi athu anatiuza kuti chinthu chilichonse ndi maatomu, ndipo atomuyo mkati mwake pafupifupi monse mulibe kanthu. Kenako anamenya tebulo lawo nkunena kuti ili mukulionali ndi malo opanda kanthu basi, kulimba kwakeku ndi maganizo athu chabe. Chichokereni tsiku limenelo mutu wanga sukugwira. Ndekuti tebulo kulibe? Nanga ineyo ndilipo? — Wophunzira

YANKHO: Achemwali, choyamba mtima m'malo, tebulo lilipo ndipo inunso mulipo. Aphunzitsi anu pa za atomu sananame ayi, koma pamene anafika poti kulimba ndi maganizo chabe, apo anali atatuluka mu fizikisi nkulowa mu filosofi, ndipo mu filosofimo mfundo yawoyo ili ndi otsutsa ambiri, ine ndi mmodzi mwa iwo.

Nkhaniyi ndi yakale. Mkulu wina wa ku Greece dzina lake Democritus, amene anabadwa cha m'ma 460 BC ku Abdera, ndi amene anainena mosapsatira, iye ankati kutsekemera, kuwawa, kutentha, kuzizira ndi mitundu ya zinthu ndi zimene anthufe timangozitchula choncho, koma zenizeni ndi maatomu ndi malo opanda kanthu. Analibe labu, analibe maikulosikopu, anangoganiza kuti ukamadula chinthu nkumadulabe payenera kufika pamene sichingadulikenso. Aristotle, mkulu wina wa filosofi wa ku Greece komweko, anamukana, ndipo poti mawu a Aristotle ndi amene ankamveka kwambiri m'masukulu, maatomu anakhala pambali kwa zaka pafupifupi 2,000.

Za malo opanda kanthu mkati mwa atomuzo zinachokera ku Manchester. Mu 1909 Hans Geiger ndi Ernest Marsden, amene ankagwira ntchito pansi pa Ernest Rutherford, ankawombera tinthu ting'onoting'ono pa kachidutswa ka golide kopyapyala kwambiri. Pafupifupi tonse tinkangodutsa ngati palibe kanthu, koma apo ndi apo kamodzi kankabwerera m'mbuyo. Mu 1911 Rutherford anafotokoza kuti pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli pa kachinthu kapakati kotchedwa nyukiliyasi, kamene ndi kakang'ono kuposa atomu yonseyo maulendo oposa 10,000. Atomu itakula ngati bwalo la mpira, nyukiliyasi ingakhale ngati kanjere pakati pa bwalolo. Mpaka apa aphunzitsi anu ali bwinobwino.

Ndiye kunabwera Arthur Eddington, katswiri wa nyenyezi wa ku Cambridge, amene mu 1927 polankhula ku Edinburgh ananena kuti iye akamalemba amakhala pa matebulo awiri, lina ndi lija tonse timalidziwa, lolimba, la mtundu wake, lina ndi la sayansi, lopanda kanthu pafupifupi lonse, mongoyenda timagetsi tothamanga. Ndipo anati la sayansilo ndi limene lilipodi. Zimene anachita aphunzitsi anu m'kalasi muja ndi zomwezi.

Amene anamuyankha bwino ndi mayi wina wa filosofi wa ku London, Susan Stebbing, mu 1937. Iye anafunsa kuti kodi kulimba tinakudziwira pati? Si pa thabwa, pa mwala, pa chitsulo? Nde ukati thabwa si lolimba kwenikweni, ukuliyerekeza ndi chani chimene ndi cholimba kwenikweni? Kulimba ndi kumeneku basi, kuti ukaikapo buku siligwa pansi, ukaligunda ndi bondo umamva kuwawa. Fizikisi inabwera kudzatiuza chifukwa chake, ma elekitironi (timagetsi tija ta m'maatomu) a m'dzanja lanu ndi a m'tebulo amakankhana, komanso pali lamulo limene Wolfgang Pauli anapeza mu 1925 loti ma elekitironi awiri sangakhale pa mkhalidwe umodzi ndendende, nde mukamakanikiza dzanja pa tebulo mukuwakakamiza kuchita chinthu chimene salola. Uku ndi kufotokoza kulimba, osati kukufufuta. Munthu akakuuzani mmene chinthu chimachitikira sanakuuzeni kuti sichichitika. Ndipo olo mawu oti mulibe kanthuwo asayansi amasiku ano amawatchula mosamala, chifukwa elekitironi si kampira kozungulira pa msewu wake monga timajambulira m'makope, imakhala yomwazikana m'dera lonse lozungulira nyukiliyasi.

Sindikubisirani kuti alipo anthu ozama amene mpaka pano amati matebulo kulibe. Peter van Inwagen wa ku America analemba mu 1990 kuti chimene chilipo ndi tinthu ting'onoting'ono tosanjidwa mwa mtundu wa tebulo, ndi zamoyo basi, zina zonsezi ndi kalankhulidwe. Chimene chimamuvuta ndi funso labwino ndithu, kodi tinthu tambiri timasanduka chinthu chimodzi liti? Tikagundana? Tikamatidwa ndi guluu? Nanga anthu awiri akagwirana chanza asanduka chinthu chimodzi? Funsoli ndimalilemekeza koma yankho lakelo sindiligula, chifukwa kasanjidweko nakonso ndi kenikeni ndipo kamagwira ntchito. Tengani dayamondi ndi graphite, chakuda chija chimene amasakaniza ndi dongo popanga mkati mwa pensulo, zonse ndi maatomu a kaboni okhaokha, palibe chowonjezera, koma china chimadula galasi china chimanyenyeka pa pepala mukamalemba. Kusiyana konseko kwagona pa mmene maatomuwo agwiranirana. Munthu amene wawerenga maatomu okha nkunena kuti wamaliza kuwerenga zimene zilipo wasiya theka la nkhani.

Za inuyo, René Descartes anaziona kale mu 1637, kuti olo mukayike chilichonse, wokayikayo ayenera kukhalapo kuti akayike. Pitirizani kuikonda fizikisi, ndipo funso la Stebbing lija mukawafunse aphunzitsi mwaulemu, mudzatiuze zimene ayankhe.

FUNSO: Ine ndi bambo wachikulire ndipo chinthu chimene sindinachione ndi maso anga sindichikhulupirira msanga. Atomu ndani anaiona? Pano ndamvanso pa wailesi kuti mlengalenga muli chinthu chotchedwa dark matter chimene sichioneka koma akuti ndi chambiri kuposa zonse timaonazi. Si kungopeka kumeneku kuti masamu awo athe bwino? — Wokayika

YANKHO: Bambo, kukayika kwanuku si kwa umbuli ayi, asayansi akuluakulu anakhalapo pomwe mwakhalapo. Ernst Mach wa ku Vienna ndi Wilhelm Ostwald wa ku Leipzig, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ankati maatomu ndi njira chabe yowerengera, yothandiza inde koma osamati alipodi. Chimene chinasintha zinthu ndi nkhani yooneka yaing'ono. Mu 1827 Robert Brown, katswiri wa zomera, anaona pa maikulosikopu kuti tizidutswa tochokera mu mungu wa maluwa tikakhala m'madzi timangonjenjemera osaima, usiku ndi usana, popanda wotigwedeza. Mu 1905 Albert Einstein anawerengera kuti ngati madzi ali timagulu ta maatomu tothamanga, tizidutswato tiyenera kukankhidwa uku ndi uku ndipo pa mphindi zakutizakuti tisunthe mtunda wakutiwakuti. Jean Perrin ku Paris anakhala pansi kuyambira 1908, diso pa maikulosikopu, nkumalemba pa pepala pamene kachidutswa kafika pakatha masekondi 30 aliwonse, ndipo zinatuluka monga Einstein ananenera. Koma chachikulu si chimenecho. Perrin anasonkhanitsa njira zosiyanasiyana zowerengera maatomu, ina yochokera ku kunjenjemera kuja, ina ku mtundu wa thambo, ina ku miyala yotulutsa mphamvu ngati radium, njira zosagwirizana nkomwe, koma zonse zinkafika pa nambala yofanana. Zopeka sizichita choncho. Ostwald anavomera, Perrin analandira mphoto ya Nobel mu 1926. Pano pali makina amene anapangidwa ku Zurich mu 1981 amene amajambula maatomu imodziimodzi, moti mu 1989 anthu a IBM anasuntha maatomu 35 nkulemba nawo dzina la kampani yawo.

Koma mfundo yanu yoti nthawi zina amaika chinthu kuti masamu athe ndi yoona, ndipo nthawi zina chinthucho chimapezeka kuti kulibe. Munthu mmodzi yemweyo zinamuchitikira mbali zonse ziwiri. Urbain Le Verrier wa ku France anaona kuti pulaneti ya Uranus sikuyenda mmene malamulo a Newton amanenera, anawerengera kuti payenera kukhala pulaneti ina yosaoneka imene ikuikoka, anatumiza kalata ku Berlin, ndipo pa 23 September 1846 Johann Galle analoza telesikopu pamalopo nkuipeza usiku womwewo. Ndi Neptune imeneyo. Mu 1859 Le Verrier yemweyo anaona kuti Mercury nayo ikuphonya pang'ono, anachitanso chimodzimodzi nkunena kuti pafupi ndi dzuwa pali pulaneti ina, mpaka anaipatsa dzina loti Vulcan. Anthu anaisaka zaka zambirimbiri, ena nkumati aiona, koma kunalibe. Vuto linali pa lamulo lenilenilo, ndipo Einstein ndi amene anakonza mu 1915.

Nde dark matter ili mbali iti? Katswiri wa nyenyezi Fritz Zwicky mu 1933 anaganiza kuti iyenera kukhalapo, Vera Rubin m'zaka za m'ma 1970 anaonetsa kuti nyenyezi za m'mphepete mwa milalang'amba zikuthamanga kwambiri moti pakanapanda chinthu china chozikoka bwenzi zitamwazika. Kawerengedwe ka masiku ano kamati zinthu wamba monga ife, miyala ndi nyenyezi ndi pafupifupi 5 peresenti yokha, dark matter 27, yotsalayo ndi mphamvu ina yosadziwika bwino yotchedwa dark energy. Chimene chimandipangitsa kuti ndiipatse ulemu ndi choti nayonso ikuonekera pa njira zingapo zosiyana, liwiro la nyenyezi, mmene kuwala kumapindikira podutsa pafupi ndi milalang'amba, komanso kuwala kwakale kwambiri kotsala kuchokera pachiyambi. Koma mpaka lero palibe labu imene yagwira kachidutswa kake, nde ine ndimaiika pansi pa atomu, pamwamba pa Vulcan. Muyeso wabwino si woti ndachiona ndi maso, paja maso omwewo amationetsa madzi pa msewu wa tala kukatentha pomwe palibe madzi. Muyeso ndi woti kodi chinthucho chimachititsa zinthu zina, ndipo anthu odzera njira zosiyana akukumana nacho pamalo amodzi?

FUNSO: Tinakangana ndi mnzanga. Iye akuti dzenje si chinthu chifukwa ndi pamene palibe dothi. Ine ndikuti ndi chinthu poti munthu amagweramo. Wolondola ndani? — Okangana awiri

YANKHO: Nonse mwagwira mbali yake, ndipo musaone ngati ndi mkangano wachibwana, David Lewis ndi Stephanie Lewis analembapo nkhani yonse mu 1970 ndipo ikuwerengedwabe m'mayunivesite. Dzenje timaliyeza kuya, timawerenga kuti alipo angati, limakula, limakwiririka, limathyola mwendo. Chinthu chotere kunena kuti kulibe nkovuta. Koma mnzanuyo akunena zoona kuti silili ngati mwala, simungalinyamule nkusiya dothi lozungulira, mukachotsa dothi lonselo dzenje lapita. Ine ndimati lilipo koma modalira chinzake, chimodzimodzi mthunzi, mng'alu wa pakhoma kapena mfundo ya pa chingwe. Aristotle anasiyanitsa kale zinthu zoima pazokha ndi zinthu zokhala mwa zinzake. Kukhalapo sikuli kwa mtundu umodzi wokha.

FUNSO: Akonzi, mwamuna wanga sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, adokotala anati anabadwa choncho. Zimenezi zandipatsa maganizo, kodi kufiirako kuli pa nsalu kapena m'maso mwanga? Ngati anthu tonse tikanabadwa ngati iyeyo, kufiira kukanakhalapo? — Mayi wa ana atatu

YANKHO: Mayi, funso lanuli Galileo analifunsa mu 1623 ndipo anati mutachotsa zamoyo zonse, mitundu, fungo ndi kakomedwe zingathe, pangatsale kukula, maonekedwe a m'mbali ndi kuyenda kwa zinthu. John Locke wa ku England mu 1690 anazigawa pawiri chomwecho, zina zili m'chinthu chenichenicho, zina ndi mphamvu chabe imene chinthucho chili nayo yodzutsa kenakake mwa ife. Kenako George Berkeley wa ku Ireland, amene pambuyo pake anadzakhala bishopu, mu 1710 anati ngati mtundu uli m'maganizo ndekuti kukula ndi kulimbanso zili momwemo, poti zonse timazidziwa kudzera m'maso ndi m'manja, nde anafika ponena kuti kukhalapo kwa chinthu ndi kuonedwa kapena kumvedwa basi. Apo ine sindimutsatira, koma anaonetsa kuti mzere wa Locke uja si wophweka kujambula.

Zimene tikudziwa ndi izi. Kuwala kumene timaona ndi mafunde otalika pakati pa mananomita 400 ndi 700 (milimita imodzi muli mananomita 1,000,000), nsalu yanuyo imameza ambiri nkubweza aatali a kufupi ndi 700. Zimenezo zili pa nsalu, kaya pali woyang'ana kaya palibe. M'diso la anthu ambiri muli timaselo ta mitundu itatu tolandira kuwala, amuna anuwo mtundu umodzi mwa itatuyo ukusowa kapena ukugwira mosiyana, nchifukwa chake ziwirizo zimawafikira mofanana. Galu ali ndi mitundu iwiri yokha, njuchi imaona kuwala kwa ultraviolet kumene inu ndi ine sitikuona, moti duwa limene kwa ife ndi lachikasu paliponse kwa njuchi limakhala ndi zizindikiro zolozera pakati.

Nde yankho langa ndi loti kufiira kumachitika pamene nsalu, kuwala ndi diso zakumana. Tikanabadwa tonse ngati amuna anu, nsaluyo ikanabwezabe mafunde omwewo ndipo tsiku lina wina akanatulukira ndi makina kuti nsalu ziwiri zooneka zofanana ndi zosiyana, koma kufiira kumene inu mumakumva mukayang'ana sikukanadziwika ndi aliyense. Izi sizikupangitsa kufiira kukhala bodza, ndipo amuna anuwo sakuona dziko labodza, akuona dziko lomweli ndi zida zosiyana pang'ono ndi zanu.

FUNSO: Bambo anga anandisiyira njinga. Pa zaka zonsezi ndasintha matayala, tcheni, masipoko, chishalo, mahandulo, mabuleki, ndipo chaka chatha fulemu inathyoka ndinaikanso ina. Mchimwene wanga akuti imeneyi si njinga ya bambo, ndipo poti zitsulo zakale zonse ankatola nkumasunga, akuti akazimanga pamodzi njinga ya bambo ikhala yakeyo. Zandiwawa. Ndithandizeni. — Mwana wa malemu

YANKHO: Pepani achimwene, ndikumva kuti apa si nkhani ya zitsulo zokha. Koma dziwani kuti mwagwera pa limodzi mwa mafunso akale kwambiri. Plutarch, amene anakhalako cha m'ma 100 AD, anasimba kuti anthu a ku Athens ankasunga ngalawa ya Theseus, ngwazi ya m'nthano zawo, thabwa likawola nkuikapo lina, mpaka anthu a filosofi anagawanika, ena akuti ndi yomweyo ena akuti ayi. Thomas Hobbes mu 1655 anawonjezera ndendende zimene akuchita mchimwene wanuyo, kuti bwanji wina atatola matabwa akalewo nkumanga ngalawa yachiwiri?

Aristotle akanati chinthu chili ndi mbali ziwiri, zimene chapangidwira ndi mpangidwe wake pamodzi ndi ntchito yake. Mchimwene wanu wagwira yoyambayo, inu mwagwira yachiwiri. Ine ndili kumbali yanu, chifukwa chake ndi ichi, njinga yanuyo sinasiyepo kukhala njinga. Tsiku limene munasintha tcheni palibe amene akanati mwagula njinga ina, tsiku la chishalo chimodzimodzi, nde ngati pa kusintha kulikonse inali yomweyo, palibe tsiku limene tingaloze kuti apa ndi pamene ya bambo inathera. Pamene zitsulo za mchimwene wanuzo zakhala zaka zili mulu, sizinali njinga, zinali zotsala za njinga. Matupi athu omwewa amachita zofanana, maselo ofiira a m'magazi amakhala masiku pafupifupi 120 nkulowedwa m'malo ndi ena, a mkati mwa matumbo masiku ochepa chabe, koma palibe amati munthu wa chaka chatha uja anapita. Chimene chimapitirira ndi dongosolo losaduka.

Pali pamodzi pamene mfundo yanga imafooka, ndi pa fulemu. Nambala ya njinga imadindidwa pa fulemu, monganso galimoto imadziwika ndi nambala ya pa chasisi, nde kwa olemba za umwini fulemu yatsopano ikhoza kuwerengedwa ngati njinga ina. Komanso ngati chimene munthu akufuna ndi chitsulo chenicheni chimene manja a bambo anagwira, mahandulo amene anachita kuperepeseka ndi zikhatho zawo, chimenecho chili kwa mchimwene wanu ndipo simungamulande ndi mfundo. Apa chilengedwe sichinajambule mzere umodzi, zoona zake zonse mukuzidziwa kale nonse awiri, chitsulo chiti chinachoka liti ndipo chili kuti, chatsala ndi choti mugwirizane kuti mawu oti njinga ya bambo mukutanthauza chiti. Mulekeni amange yakeyo, ndipo ngati fulemu yakale ija ingawotcheredwe muthandizeni kupeza wowotcherera wabwino, poti yothyoka kale ikawotcheredwa mwachisawawa imathyokanso pomwepo munthu ali pamsewu.